Makhadi a Mankhwala ku Wodi ya Amuna

Lolemba
Sabata yatha wodwala wina anatsala pang'ono kutisiya, atamwa mankhwala athu pamwamba pa ake a kunyumba. Basi! Ine monga namwino wa wodi ino ndikuyamba dongosolo. Bedi lililonse khadi lake: dzina, mankhwala onse, nthawi yomwera. Ndadula makatoni khumi ndi awiri.

Lachiwiri
Ndikuyamba ndi Che Jafali, msodzi wa ku Chia, wa chifuwa. Amamwa chiyani kunyumba? "Toyera, tofiira, ndi kena kowawa ka mugolosale ku Benga." Maina? "Amayi, ine ndimangomeza, sindicheza nato."

Lachitatu
Akazi aakulu a Che Jafali abwera ndi kombe, madzi owapempherera kwa shehe. Aang'ono abwera ndi mizu m'botolo. Aliyense akundikokera pakhonde: "Musalembe, anzangawo angadziwe." Ndikulemba ndi pensulo, timalemba ting'onoting'ono.

Lachinayi
Kodi wodi ino ndi msika? Bedi lachitatu lasinthanitsa makapisozi awiri ndi chambo chowamba. Wa bedi lachisanu akuti jakisoni yekha ndiye mankhwala, mapiritsi agawira anzawo. Makhadi asanu abodza kale!

Lachisanu
Atcheyamani a chipani abwera kudzaona odwala. Aima pa katoni yanga. "Makhadi awa wavomereza ndani? M'dziko muno khadi ndi limodzi, la chipani." Odwala kungomva liwu loti khadi, onse dzanja pansi pa pilo, ngakhale wa diripi. Ndikufotokoza kuti awa ndi a mankhwala chabe. Akuti aganizira.

Loweruka
Aganiza. Mawa kukudutsa nduna, makatoni akunyansitsa wodi. Achotsedwa onse, akolezera moto kukhitchini. Ife anamwino masana onse kubwalo, kuyeserera nyimbo. Amene wagawa mankhwala sindikumudziwa.

Lamulungu
Nduna yadutsa pamsewu pagalimoto, osatsitsa ndi galasi lomwe.

Che Jafali apeza bwino, akutuluka. Pomanga katundu, kampango kamasuka, mapiritsi athu mbwee pansi. A sabata yonse, osamwa ndi limodzi lomwe!

"Pepani amayi. Ndasungira mng'ono wanga, chifuwa chake chaposa changa. Alibe khadi la chipani, achinyamata anamubweza panjira."

Ndayang'ana kukhomo, kulibe munthu. Ndawatolera, ndawafunsa msinkhu wa mng'onoyo ndi mmene akutsokomolera. Ndalemba pakapepala: awiri m'mawa, awiri madzulo, osaphatikiza ndi za ku Benga. Abwere naye Lachitatu, adzere khomo la kuseri.

Sabata yonse, mndandanda woona ndi umodzi wokha, wa munthu amene sindinamuonepo.