Boboni wa Mkamwini Wanga

Lolemba

Mkamwini wanga, bambo a Tiyamike, wafika kuchokera ku Joni ndi botolo la mowa wa ku Amereka. Ati wisiki, mtundu wake boboni. Lamulungu kukubwera ankhoswe a mnyamata wa ku Lisungwi amene akufunsira Tiyamike, ndiye alendo adzamwe zimenezi. Kachasu wanga asaoneke pabwalo, ati amachititsa manyazi. Sanandiuze yekha. Mawu wadzeretsa kwa mkazi wake, iye ali kuseri kwa khola.

Munthu wodzakwata pamudzi panga. Mkazi akumunyadirayo anakulira mbiya zomwezo.

Botolo andisungitsa ine, poti kwawoko ana ndi ogwiragwira. Chabwino. Ndilawa kachivindikiro kamodzi, ndipeze zolakwa zake, Lamulungu ndidzazitchule pamaso pa anthu. Kuno ku Ligowe aliyense adziwe wophika ndani.

Lachiwiri

Ndatsegula. Zimene ndapeza:

Mtundu: tiyi wa pamaliro.
Fungo: shuga wopserera, keke ya paukwati, ndi chitseko chatsopano cha kwa kalipentala.
Pokhutchumula: thovu likuthawa msanga. Wanga wa mutu, uja woyamba kudontha, thovu limakhala kaye pansi n'kucheza.
Pamoto: wayaka, koma mwamanyazi.
Pakhosi: akulowa ndi odi. Wanga salonjera, amangogwetsa chitseko.

Ulesi wokhawokha. Ndalawanso kuti nditsimikize ulesiwo.

Lachitatu

Mutu sukuwawa. Zandikwiyitsa. Mowa wanji wosasiya mboni?

Tiyamike wandiwerengera za pabotolo ndi za pafoni. Ati ndi wa chimanga. Chimanga chomwechi! Ati amausunga zaka m'migolo ya matabwa yowaula mkati. Zaka, mowa uli chikhalire, anthu akuudutsa? Kuno ukagonera ndiye kuti m'mudzi muli chitsitsimutso. Atinso umenewu ndi wotchipa, wa pashelefu ya pansi, wophunzirira kumwa. Ndiye mkamwini akundichotsa pampando ndi kachasu wa amphawi a ku Amereka, eti.

Madzulo ndalawa ndi timadzi. Kwatuluka kafungo ka nthochi yakupsa kwambiri, kenako katsabola kumapeto kwa lilime. Sindinaukonde. Ndabwereza, sindinaukondebe.

Lachinayi

Mlandu sagamula munthu mmodzi. Ndaitana a Nasibeko, mnzanga wa kuchinamwali, ndi a Chikopa, kasitomala wanga wa dzino limodzi. Pakhomo pano mwini mowa ndiye amayamba kumwa, kuchotsa ufiti. Ndachotsa. A Chikopa ati sanaone, amathamangitsa nkhuku. Ndachotsanso.

A Nasibeko: "Amnzanga, awa ndi mafuta odzola, si mowa. Tathiraninso ndione bwino."

A Chikopa: "Musandifulumize, mayi. Lilime langa limachedwa kudzuka."

Ladzuka botolo litafika m'chiuno. Chigamulo chawo: ati abweranso.

Lachisanu

Mowa watsika kupyola pepala la pabotolo. Ndadzazitsa ndi wanga. Wayera mbuu ngati wodwala malungo. Ndawotcha shuga pasupuni, ndathira, ndawonjezera masamba a tiyi. Kulawa, shuga wachuluka. Kuthira kachasu, tiyi wachepa. Chigamba pamwamba pa chigamba. Ndaponyamo kakhala ka mtengo wa nachesi, poti eni akewo amawaula, kenako ndasefa ndi duku.

Mkamwini wadutsa chapatali, chipewa m'manja. "Katundu uja ali bwino, amayi?"

Ndati akugona, musamudzutse.

Loweruka

A Chikopa alawirira ndi mlamu wawo wa ku Magaleta, ati wamva mbiri. Ndikanawabweza, koma a Chikopa pakamwa pawo palibe chitseko, ndipo njira yawo yobwerera imadzera kwa mkamwini. Ndathira. Ndachotsa ufiti. A Nasibeko atulukira, ati amangodutsa, kapu ili m'chitenje.

Atachoka ndadzazitsanso. Wa ku Amereka watsala fungo pachivindikiro basi. Khosi la botolo ndamata ndi utomoni.

Zolakwa ndinakonza zija mawa ndizitchula za ndani tsopano?

Lamulungu

Alendo afika, akhala pamipando yobwereka. Mkamwini wavala jekete dzuwa lonseli. Watsegula yekha, wayamba kumwa monga mwini. Watsokomola, misozi chuchuchu, ati weniweni ndi mmene amakhalira.

Nkhoswe wamkulu, malume ake a mnyamata, wameza, watseka maso nthawi yaitali. "Uwu ndiye mowa. Azungu amadziwa. Osati zam'mbiya zija amaphika azimayi a kuno, zowotcha matumbo." Kenako kutembenukira kwa ine: "Agogo, tamva kuti inunso mumayesako. Wotere mungaufike?"

Mawu anali pano, pamlomo. Koma Tiyamike, amene ananunkhiza botolo n'kumva kachasu wanga m'mawa, akundiyang'ana ngati mbuzi ya pachingwe tsiku la Khirisimasi. Ndikatsegula pakamwa, bambo wake wavulidwa pamaso pa alendo, ukwati wapendekeka.

Ndati: "Ife n'kuufika? Sukulu yake tilibe."

Aseka, athiranso, nkhani yayenda, tsiku la chinkhoswe apangana. Botolo lauma. A malume apempha mkamwini adzawagulireko lina ku Joni, la mtundu womwewu.

Chiyambire kuphika sindinatamandidwepo chonchi, ulemu wonse n'kukwera ndege kupita ku Amereka. Basi, zili bwino, mwana akwatiwa. Choipa n'chakuti ndikumusowa waulesi uja. Chivindikiro ndamanga pamfundo ya chitenje. Ndikumanunkhiza anthu akayang'ana kumbali.