Tsiku Limene Ndinadula Chingwe cha Kwaya

Mpaka lero ndikamadutsa pa tchalitchi china cha ku Kande, a kwaya amagundana zigongono. Sindiwadzudzula. Nanenso ndikanakhala iwo ndikanaseka.

Ine kwathu ndi ku Dedza, koma ndimagwira ntchito pa loji ina kunyanja kuno. Ntchito yanga yeniyeni ndi kusintha mababu ndi kutsegula mapaipi otsekeka, koma pakamwa ndimadzitcha injiniya (satifiketi musandifunse, inanyowa ndi mvula). Nthawi imeneyo n'kuti ndikufunsira Tamala, mwana wa a Mphande, mkulu wa mpingo, msodzi wovala tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mkuluyu anali asanavomere kuti nditumize thenga, munthu wokandipemphera mbeta kwa makolo. Ankangoti, "Tikuoneni kaye."

Mwayi wodzionetsa unabwera wokha. Kwaya inajambula nyimbo zake pa laputopu, ndipo Lamulungu lina masana mpingo wonse unasonkhana kuti uzimve koyamba. Mkulu wa kwaya, a Longwe, anali ndi timabokosi tiwiri tomwe achimwene awo anawatumizira kuchokera ku Joni. Kamodzi amati intafesi, kolumikiza ku laputopu. Kanzake amati daki, kosandutsa zomwe zili m'kompyuta kukhala mawu oti apite ku ampu yokweza mawu ndi ku masipika. Pakati pa timabokositi pamadutsa kachingwe kakuda, kowonda, kowala mofiira kunsonga.

Tsono ampu ya tchalitchi inatsekeredwa m'khola lachitsulo lowotcherera pakhoma kuopa akuba, kabokosi ka daki kali pamwamba pake. Tebulo la laputopu ndi intafesi linali chapatali pang'ono, amayi ataliyalira nsalu yoyera ndi maluwa. Kachingwe kanaperewera mkono umodzi wokha.

"Ada injiniya, titani?" anandifunsa a Longwe (kuno "ada" ndiye kuti bambo), a Mphande akumva.

Liwu loti injiniyalo ndi limene linandipha. "Zazing'ono izi," ndinatero. "Waya akafupika timalumikiza."

Ndipo si bodza. Ife waya sititaya. Wa ayironi, wa tchaja, wa wailesi, timadula, kusenda ndi mano, kupota, kukulunga tepi kapena jumbo, basi moyo ukupitirira. Ndinatulutsa kampeni kanga, kusuzumira kumene kunakhala Tamala ngati akuona, n'kudula pakati penipeni.

Abale inu, m'kati munalibe waya! Ndinasenda uku, ndinasenda uko, mkuwa osaoneka ngakhale kadontho. Munali kaulusi kamodzi kapulasitiki, kuwala kofiira kuja kukundiyang'ana. A Longwe anagwira m'mutu. "Achimwene anati m'menemo mumayenda kuwala, osati magetsi," anatero ndi mawu a munthu wofedwa. (Osanena ndisanadule bwanji? Funso limeneli ndidzafa nalo.)

Munthu wanzeru akanapepesa pomwepo. Ine ndinati, "Ndimadziwa, ndimafuna kungotsimikiza."

A Mphande anayandikira n'kuvala magalasi. "Kameneka si nayiloni ngati wa mbedza?" Ndinavomera msanga ngati ndi ine ndaganiza. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa nayiloni (msodzi ndi msodzi, ngakhale pa Sabata), namanga okha mfundo ziwiri zoti ngakhale kampango sangamasule. Tinalumikiza. A Longwe anadina batani. Zii. Kunangomveka mbuzi panja.

Ndinati mfundozo zikutchinga kuwala, ndiye ndinapempha machesi kuti ndisungunule nsonga zigwirane. Zinagwiranadi, pamodzi ndi nsalu ya amayi ija, yomwe inabooka chibowo cholowa chibakera. Fungo la pulasitiki linadzaza tchalitchi, abusa n'kuyamba kutsokomola.

Mukuganiza ndinasiya? Ayi ndithu. Kumbuyo kwa intafesi ndinaona kabowo kena kozungulira, kofanana ndi ka wailesi yakunyumba. Ndinatenga waya wamba, kulambalala daki, kulunjika ku ampu. Masipika anatulutsa chiphokoso ngati matalala pa malata. Makanda analira, ndipo bambo wina anathawira panja atasiya chipewa.

Atazimitsa, mayi Manda, tcheya wa amayi, anandifunsa m'Chichewa chapang'onopang'ono kuti mlendone ndimve bwino: "Ada, kodi tebuloli lili ndi mizu? Osangolisendeza bwanji?"

Mpingo wonse unayang'ana tebulo. Linali lapulasitiki, loti ndi dzanja limodzi lomwe unyamula. Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowepo.

Kwaya inangoimirira n'kuimba ndi pakamwa, Tamala akuyang'ana kudenga nyimbo zonse. Kachingwe kena kanachita kuchokeranso ku Joni patapita miyezi iwiri, ndipo miyezi yonseyo a Mphande ankayankha moni wanga ndi mutu wokha. Ndinaonda, osanama. Usiku ndi usana ndinkangoti mbeta ija ndaitaya ndekha, popanda wondilodza.

Yankho linadzera mwa Tamala. "Ada akuti thenga litha kubwera," anatero akubisa kuseka m'chitenje. "Akuti sangakunyozeni kwambiri poti mfundo zija anamanga ndi iwo. Koma akuti thengalo libwere lopanda mpeni, ndipo pa ukwati inu musayandikire masipika."

Ndinavomera zonse, ndipo masiku ano ndisanadule kanthu ndimayamba ndafunsa mayi a kunyumba. Koma pali chinthu chimodzi chimene ine ndi apongozi anga timagwirizana, ngakhale timachinena motsitsa mawu, akazi athu akatalikira. Nayiloni uja akanakhala wonenepako pang'ono, nyimbo zikanamveka.