Mmene Ndinawongolera Kamtengo ka Apongozi

Mpaka lero ndikapita kwa apongozi anga ku Nottie Broadie ndimalowera geti lakumbuyo, kumene amataya phulusa. Palibe amene anandiletsa kutsogolo. Ndi manyazi anga okha, ndipo ndinachita kuwafuna ndekha.

Ine ndimawotcherera zitsulo ku Malota: mageti, mawindo, mawilibala othyoka. Chinthu chopindika chikandipeza ndimachiwongola (mkazi wanga Mutinta amati ndikanakhala dokotala bwenzi anthu onse akuyenda ngati mapolo a magetsi).

Apongozi aamuna anagwira ntchito yosamala maluwa pa loji ina kumtsinje kwa zaka zambiri. Atapuma anabwera ndi kamtengo m'chitini, ka mtundu wa mkungudza, kamasamba ngati singano, kobiriwira chaka chonse. Anakabzala ndi malemu akazi awo pakamulu ka miyala pafupi ndi khonde, mbali imene dzuwa la masana silifika. Zaka khumi zinadutsa koma kanangolekeza m'chiuno. Nthambi zake sizinkakwera, zinkagwera pansi n'kuphimba miyala ija ngati siketi.

Tsono ine zomera zimene ndimadziwa ndi chimanga ndi mango, ndipo zimenezo zikawerama ndiye kuti zafota. Ndikakaona kamtengoko ndinkamva chisoni. Akuluwa maso anali atachita ng'ala, ndipo kwa zaka zitatu ankakasamala ndi manja okha, kukasisita m'mawa uliwonse. Ndinkati sakuona kuti kakuvutika. Kufunsa sindinafunse. Mkamwini sacheza ndi apongozi ngati mnzake wa pabawo, timapatsana moni kenako aliyense amayang'ana nsapato zake.

Mwayi unapezeka woti akachitidwe opaleshoni ku Lusaka, diso limodzi kaye kenako linalo. Mutinta anawaperekeza, ine n'kutsala ndi makiyi.

"Bashi Luyando," anatero apongozi ponyamuka (ndiko kuti bambo a Luyando, mwana wathu), "baketi imodzi pakapita masiku atatu. Ni vamene chabe. Nikabwela nifuna nikakaone na menso yanga."

"Musavutike ba tata, muzapeza kali bwino."

Mumtima ndinawonjezera kuti kuposa mmene mwakasiyira.

Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kuja kumene ngakhale anyani amagwa ulesi wakuba. Baketi imodzi ndinaiona ngati nkhanza. Ndinkathira zinayi m'mawa, zinayi madzulo. Sabata inatha nthambi zili pansi pomwepo. Ndinabweretsa thumba la manyowa a nkhuku, aawisi, n'kukhuthula patsinde. Nsonga zinayamba kufiira, ine n'kumati eya, matenda akutuluka.

Apa m'pamene umisiri unandikwera kumutu. Ndinawotcherera chimango chonga cha ambulera, chachitali ngati ine, n'kuchipaka penti yobiriwira kuti chifanane ndi masamba (taonani chikondi chimenecho). Ndinachikhomera pambali pa tsinde mizu ikuduka pansipo, n'kuyamba kukweza nthambi imodziimodzi ndikumanga ndi timalamba ta chubu. Zina zinkati thyo! pokwera. Ndinkaziuza kuti zipirire.

Madzulo ake apongozi anaimba foni.

"Kamtengo kali bwanji?"

"Ba tata, simuzakhulupilila. Kaimilila! Manje kali sitileti monga musilikali."



"Kaimilila bwanji?"

"Nakathandizako pang'ono."

"Oho," anatero. Ine ndinaganiza kuti ndi chimwemwe. Kenako ndinamva mawu a Mutinta, otsika kwambiri, aja amandiopsa kuposa kukuwa: "Iwe, masula vonse, elo usagwilenso."

Kumasula ndinamasula. Zosagwiranso zija n'zimene zinandikanika. Nthambi zinali zothyokathyoka, zofiira ngati tsache lakale, ndipo sindikanalola kuti maso atsopano ayambire pamenepo. Ndinakumbukira kuti mango ukaudulira umaphuka mwamphamvu. Ndinatenga sowo. Pomaliza panatsala chitsa chofika m'bondo ndi timphanda titatu, ndi chimango changa chimene ndinaopa kuzula.

Masiku anayi ndinkagwada pamenepo kufufuza mphukira. Lachisanu ndinatenga nthambi imodzi n'kupita kwa mayi wina wogulitsa mbande m'mbali mwa msewu. Anaitembenuza, n'kundiyang'ana ngati ndabweretsa mwendo wa munthu.

"Ba bosi, aka ndiye mwamene kanabadwila, kogwa pansi. Banthu bamakagula chifukwa cha kugwa kwamene uko. Sikafuna manzi yambili. Elo mukajuba kufika ku nkhuni yakudala, sikaphukanso."

"Olo mvula ikabwela?"

"Olo mupemphele."

Ndinakhala pansi pakati pa machubu a mbande.

Tsiku lobwera, apongozi anatsika takisi atavala magalasi akuda. M'nyumba sanalowe. Analunjika kukhonde okha, opanda ndodo, osagwira khoma, koyamba m'zaka zitatu. Anavula magalasi aja n'kuyang'ana chitsa chija. Ine ndinali nditagwada kale pamiyala.

"Zaka zitatu nenze kukaona na manja," anatero, osati kwa ine kwenikweni. "Nenze kufuna chabe nione ngati kakali gilini monga siku yamene tinashanga na bana Mutinta." Ankanena za tsiku limene anakabzala ndi malemu akazi awo.

Kenako anagwira chimango chija, n'kuchigwedeza, n'kuyendetsa chala polumikiza.

"Koma weludingi yanu ni yolimba, bashi Luyando."

Anavalanso magalasi n'kulowa m'nyumba. Bola akanandiphwanya ndi baketi. Ndinalira pamenepo, bambo wamkulu ndevu pepeya, Mutinta ataima ndi zikwama osandiyang'ana.

Ndimati ndinaphunzira kufunsa ndisanathandize munthu, ngakhale Mutinta amati ndimafunsa sowo ili kale m'manja. Chimene chimandipweteka n'chakuti phunziro linali langa, koma wovulala ndi wina.

Mayi wa mbande uja anandifunira kamtengo kena ka mtundu womwewo, kakang'ono ngati chikhatho. Ndinakapereka nditagwada, ndipo apongozi anakalandira ndi manja awiri. Anakayandikitsa kumaso n'kukayang'anitsitsa, kenako n'kuyang'ana miyala ija ili mbee.

"Ni kabwino," anatero. "Pakapita zaka teni kazafika pansi. Imwe muzakaona."