Mmene Ndinayambanitsira Azakhali ndi Bana Mwila

Mpaka lero ndikatsika basi ku Chelstone, kumene amakhala azakhali anga, ndimayenda chowerama, ndipo wolakwa ndi pakamwa pangapa.

Azakhali anga anawapeza ndi chotupa m'bere, madokotala n'kunena kuti ndi khansa. Popeza ndimaphunzira za maselo ku yunivesite (chaka chachiwiri chabe, koma kwathu ananditcha kale dokotala), banja linandisankha kuti ndiziwaperekeza kuchipatala. Sabata imeneyo n'kuti nditangowerenga phunziro lina lokoma, ndipo ndinkasowa wondimvera.

Tili m'basi pobwerera, azakhali anandifunsa, "Nanga bwanji ena amachira, kenako matenda n'kubweranso?"

Ndinakonza kolala. Ndinawauza kuti m'chotupa muli timaselo tochepa tokhala ngati mbewu, ndipo mankhwala akapha tinzake, ito timatha kutsala n'kuphukanso. Ndinawonjezera kuti pozungulira chotupacho pali maselo wamba, amene ntchito yawo ndi kulumikiza minofu, koma khansa imawanyengerera mpaka amayamba kudyetsa timbewuto ndi kutiteteza ku mankhwala. Nditaona kuti maso awo ali pawindo, ndinafupikitsa.

"Mwachidule, azakhali, vuto ndi maneba. Amaoneka abwino, koma ndi amene amadyetsa matendawa."

Anatembenuka pang'onopang'ono. "Maneba?"

"Eya, oyandikana nawo kwambiriwo."

Anagwedeza mutu. Ine mumtima ndinati uphunzitsi ndinabadwa nawo.

Neba wa azakhali ndi bana Mwila, mayi wachiBemba amene chiyambireni matendawa ankabweretsa chakudya tsiku ndi tsiku, lero ifisashi, mawa chikanda. Loweruka lotsatira ndinapeza kampata ka pakati pa nyumba ziwirizi katakhomedwa lata. Pakhonde panali amayi asanu a kutchalitchi ndi mkulu wa mpingo, bambo Zulu. Azakhali anali atalengeza kuti Lolemba sapita kukalandira mankhwala, poti gwero la matendawo ladziwika.

Ndisanakhale n'komwe, bana Mwila analowera pageti, chitenje atamangira m'chiuno.

"Ndiwe dokota wamene? Namvela ati makina yanu yanionetsa."

Ndinaona kuti apa pafunika chitsanzo. Ndinathamangira kukhitchini n'kutenga tomato, nyemba zingapo ndi anyezi (musandifunse, ndi zimene zinali pafupi). Ndinagwada pakati pa anthu n'kuyala pansi: tomato ndiye chotupa, nyemba ndi timbewu tija, anyezi wozungulirayu ndi maneba.

"Manje ine ndine uti apa?" anafunsa bana Mwila.

"Inu mulibemo, mayi."

"Nanga anyezi uyo ni ndani?"

"Ndi maselo. Ali m'thupi mwa azakhali momwemo."

Azakhali anagwira pachifuwa. "Ndiye kuti analowa kale?"

Amayi awiri anayamba kupemphera. Bambo Zulu anakweza dzanja, nandifunsa mofatsa ngati anyeziwo ali ndi dzina.

"Faibulobulasiti," ndinatero.

Anaganiza kwa kanthawi, kenako anati, "Ndakhala kuno zaka zambiri. Ameneyo si wa ku Chelstone."

Mawu amenewa ndi amene anathetsa mlandu, osati sukulu yanga. Azakhali anayang'ana bana Mwila n'kuyamba kulira, bana Mwila nawonso, ndipo ine ananditumiza kukazula lata lija ndi manja, poti hamala inasowa mwadala.

Lolemba azakhali anapita kukalandira mankhwala, bana Mwila atawagwira mkono. Ine ndinaloledwa kunyamula chikwama basi. Dokotala atayamba kufotokoza mmene mankhwalawo amagwirira ntchito, ndinatsegula pakamwa kuti ndithandizeko pang'ono.

Bana Mwila sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Ba dokota, uyu angayembekezele panja? Akali kuphunzila."

Ndinakhala pabenchi maola atatu, chikwama cha maluwamaluwa chili pamiyendo. Bambo wina amene anali pambali panga anandifunsa ngati ndikudziwa chimene chimayambitsa matenda a shuga. Ndinkadziwa bwinobwino. Ndinamuuza kuti ine ndimagulitsa matayala ku Kabwata.