Ibaninso, Sizinaoneke Bwino

Pulani akayamba kufotokoza dilu, ngakhale ntchentche za pa bala zinkatera kuti zimve nawo. Dzina lake lenileni linatayika kalekale, poti mapulani ndiwo anali chuma chake chokha. Masana amenewo anakhala kuseri kwa bala ndi anzake awiri: Kamphepo, wowonda ngati ndodo ya tsache koma wa liwiro la mtondo wadooka, ndi Chigubu, yemwe mimba inkayamba kulowa pakhomo mwini wake akadali panja.

"Aise, tcherani khutu," anatero Pulani akusuntha mabotolo patebulo. "Botolo ili ndi holo ija ya kuseri kwa msika. Kwabwera aphunzitsi a kanema. Akuti akufuna ife a kuno kotsalira tizijambula tokha nkhani zathu. Osoka nsapato, ometa, ogulitsa makala, onse ali pikitipikiti ndi makamera."

"Ndiye ife zikutikhudza pati, bigi?" anafunsa Chigubu.

"Loweruka akujambula sewero la mbava, ndipo akusowa anthu oti akhale mbavazo. Ndatilembetsa kale tonse atatu."

Kamphepo anatsamwa ndi mowa.

"Mabokosi akuda alipo awiri, ofanana ngati mapasa anga," Pulani anapitiriza. "Lina aikamo njerwa, ndi la sewero. Linalo muli kamera yachiwiri, yatsopano, yonunkhira kusitolo. Iwe Chigubu usinthanitsa. Akangoti ekishoni, tinyamula lenilenilo, tithamanga, tikhota pa ngodya ya chigayo, osabwereranso. Dzuwa likuswa mtengo, anthu akutiwombera m'manja!"

Anagundanitsa mabotolo, uku akuyamikirana nzeru. Ha, shasha zitatu!

Koma panali kamunga kamodzi. Pulani atatuluka m'ndende ulendo watha, mkazi wake, make mapasa, anamuuza mosapsatira kuti akadzangolowanso, adzapeza nyumba ili pululu, iwo ndi ana atapita kwawo. Choncho atafika kunyumba anangoti wapeza ntchito yochita sewero. Mayiwo anasangalala mpaka kugwetsa misozi. Anamuchapira malaya, kusita, kenaka n'kuzungulira mzere wonse wa nyumba kulengeza kuti bambo a mapasa tsopano ndi munthu wa pakanema. Zinamulasa mumtima Pulani.

Loweruka linafika. Pabwalo la holo panali anthu osati masewera. Wometa anagwira kamera. Wosoka nsapato anakweza mtengo wautali wokhala ndi maikolofoni yaubweya kunsonga. Woyendetsa sewero anali mayi wina wogulitsa makala, amene anzake anali atamupatsa kale dzina loti Dayilekitala, ndipo mawu ake sankasowa chimkuzamawu. Aphunzitsi anaima kumbuyo, manja atapinda, kuti ophunzira azichita okha. Kutsogolo kwa gulu kunali make mapasa, atavala diresi lawo la paukwati, ana awiriwo ali mbali ndi mbali.

Chigubu anasinthanitsa mabokosi aja popanda womuona. Kunena zoona, imeneyi ndiyo ntchito yokhayo imene anailongosola chibadwire.

"Ekishoni!"

Anatola bokosi, liwiro! Fumbi linati kobo. Ngodya ya chigayo inali pafupi kwambiri pamene mawu a Dayilekitala anawatsatira kumbuyo.

"Dulani! Dulani! Inu a malaya ositanu, mukuthamanga bwanji choncho? Ngati munthu woti sanabepo chiyambire! Wakuba weniweni sathamanga ngati akuthamangira basi!"

Pulani anaima nji! ngati wawomba khoma.

"Bigi, tiyeni!" ananong'ona Kamphepo.

"Wamva zimene wanenazo? Ine? Sindinabepo?"

"Musiyeni, bigi, ndi mwayi wathu umenewo!"

"Ayi. Munthu wa makala asandiphunzitse ntchito pamaso pa ana anga."

Anabwerera, bokosi lili paphewa. Dayilekitala analamula kuti aliike pamalo pomwe linali, chogwirira chiloze kumene chinaloza poyamba, poti aphunzitsi anati chinthu chikasuntha, kanema salumikizika. Pulani analiika mosamala, mpaka kulipukuta fumbi ndi dzanja.

"Ekishoni!"

Ulendo uno anathamanga chowerama, maso uku ndi uku, ngati mmene amachitira masiku onse. Gulu linati, "Eeeh!" Koma Chigubu podutsa pa kamera anatembenuka, kumwetulira, n'kubayibitsa.

"Dulani! Inu a mimbanu, mukupatsa moni ndani?"

"Mayi anga," anayankha Chigubu. "Mwina adzaonera."

Pano Pulani sanadikire n'komwe kuitanidwa. Anamukoka khutu Chigubu kubwerera naye, akumukalipira kuti akuwononga ntchito ya anthu. Kamphepo ankangoyang'ana kumwamba.

Ulendo wachitatu zinayenda ngati madzi. Anakhota pa chigayo, anthu osawaonanso, ndipo kutsogolo kwawo kunali kanjira ka pakati pa mipanda kopita kumene palibe akanawapeza. Zatheka! Koma kumbuyo kunabuka phokoso la m'manja ndi malikhweru, ndipo pamwamba pa zonsezo Pulani anamva mawu a ana ake: "Adadi! Adadi athu amenewo!"

Pulani anaima. Moyo wake wonse anthu ankamukuwiza, kumugenda, kumutukwanira makolo. Kumuwombera m'manja kunali koyamba, ndipo kunamukomera kuposa mowa.

"Mkulu wa mbava abwere!" anafuula Dayilekitala. "Tikufuna nkhope yake pafupi, pamene akugwidwa!"

"Nkhope yanga," anatero Pulani chapansipansi. "Pafupi." Chithunzi chokha chimene anajambulitsapo chinali cha kupolisi, atagwira kabolodi pachifuwa.

"Chabwino, pitani nokha," anatero Kamphepo. "Bokosi ndisiyireni."

"Ndikusiyire iwe? Ukuyesa sindikukudziwa? Tibwerera tonse. Kamphindi chabe, kenaka tipempha kubwereza kuthamanga kuja."

Anabwereranso. Malinga ndi sewero, mbava zinayenera kugwidwa ndi katundu m'manja n'kumangidwa pa mzati wa khonde. Mlonda wa paholopo, mdala wa manja onjenjemera, ndiye anali womanga. Anakulunga chingwe kawiri, n'kumanga kamfundo ngati ka nsapato za mwana wa sukulu.

Pulani anapukusa mutu. "Madala, mukutichititsa manyazi. Ichi ndingavule ndikuyasamula. Anthu akadzaonera adzati ndi zabodza."

"Nanga amamanga bwanji?" anafunsa Dayilekitala.

"Manja kumbuyo. Pitirizani chingwe pansi pa zigongono. Ayi, zungulizani mzati kaye. Eya! Tsopano kokani. Kokani, madala, musatimvere chisoni!"

"Bigi, zikupweteka," analira Chigubu.

"Pirira, luso limawawa."

Mlonda anakoka mpaka kuponda mzati ndi phazi. Pulani anayesa kudzipotokola, osatheka. Anamwetulira monyadira. "Mwaona? Apa ngakhale ine sindingachoke."

Aphunzitsi anawomba m'manja. "Bambo inu muli ndi mphatso. Lolemba mubwere, tikufuna anthu ngati inu m'kalasi muno. Tsopano kuti nkhope ioneke bwino, titenge kamera yachiwiri ija."

Kamphepo anatsinzina.

Wosoka nsapato anathamangira m'holo, n'kutuluka ndi bokosi lakuda. Aphunzitsi analitsegula. Njerwa! Anaziyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenukira bokosi limene linali pamapazi a Pulani. Atalitsegula, kamera inali phee, ikunyezimira, gulu lonse likuona.

"Mwina... mwina asokoneza ndi ophunzirawa," anatero Pulani.

"Ayi bigi, musawapatse ulemu wanga," anatero Chigubu mokhumudwa. "Ndasintha ndine, ndipo palibe anandiona. Si mmene munanenera?"

Phokoso limene linabuka pamenepo linamveka mpaka kumsika. Ena ankaseka mpaka kukhala pansi, ena ankafunafuna miyala, koma Dayilekitala anawaletsa ndi mawu amodzi, nati aliyense wogenda alowa m'chithunzi n'kuwononga ntchito. Mlonda anayamba ulendo wa kupolisi akuyenda mwachifatse, akuimba kamluzu. Akanathamangiranji? Mfundo inali ya katswiri.

Pulani sanaope apolisi. Chimene anaopa chinali kubwera pang'onopang'ono, mu diresi la paukwati, chitagwira mwana dzanja lililonse. Make mapasa anaima patsogolo pake. Sanakuwe, sanatukwane, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka koposa.

"Mayi, ndimati ndifotokoze..."

"Ndinakusitirani malaya, bambo a mapasa," anatero mayiwo. "Makala ake ndinabwereka kwa a Dayilekitala omwewa."

Anawerama n'kumukonzera kolala imene inapindika ndi chingwe, kumupukuta fumbi pamphumi ndi nsonga ya mpango. Kenaka anatembenukira wometa uja, yemwe anali akadagwira kamera, kukamwa kuli yasa.

"Achimwene, ikujambula imeneyo?"

"Sindinaizimitse, mayi."

"Sendezani pafupi. Muwajambule bwinobwino, nkhope yonse ioneke, chifukwa kumene tikupita ife, ana awa bambo awo azidzawaonera pomwepo."

Anatenga ana ake n'kumapita, osacheuka. Pulani anawayang'ana mpaka anakhota pa ngodya ya chigayo, pomwe iye analephera kuthawirapo katatu konse. Msozi unatsika, wa zoona, ndipo analibe dzanja loti aupukutire.

"Eya, pomwepo!" ananong'ona Dayilekitala. "Musagwedezeke, bambo. Apa pokha sitibwereza."