Lamba wa Chigayo ndi Chitenje cha Rozita

Lolemba

Nkhondo yatseka sekondale, ndiye ndili pa chigayo cha amalume kuno ku Tsangano, mutu uli mbuu ndi ufa. Lamba wa injini alibe chotchinga. Lero wakwatula duku ya mayi wina n'kuitafuna ngati mbuzi. Mwiniwake akuseka. Ine ayi.

Aphunzitsi athu ankati: igawe ntchito m'zigawo, pa chigawo chilichonse funsa chomwe chingapweteke munthu, kenako chitseke. Ndiye:
– kuliza injini: manivela, chitsulo chopukusira chija, akabwezera, dzanja lathyoka
– kuthira chimanga: zala
– kutapa ufa: lamba, lamba, lamba!

Mankhwala ake: mpanda, ndi kuchenjeza ndi pakamwa aliyense wolowa. Aliyense kupatula Rozita. Munthu amene anandilanda chibwenzi changa Domingosi sindidzayankhula naye mpaka kumanda. Ndinalumbira pamaso pa anthu.

Lachiwiri

Ndikuchenjeza anthu. Amalume: "Mphwanga, anthu akugona m'thengo kuthawa mfuti, iwe ukuwaopseza ndi lamba?" Mayi wina wa ku Ntengo-Wambalame, amene wabwera thumba pamutu akuponda mosamala kuopa mabomba okwirira, wandimvetsera mpaka kumapeto: "Mwatha, a dotolo? Ndigayitse tsopano."

Dotolo! Ameneyu ndamusunga mumtima.

Lachitatu

Ndikumanga mpanda wa nsungwi kuzungulira lamba. Ndekha. Wokongola kuposa nyumba yathu! Amalume akuuyang'ana ngati mlendo wobwera nthawi ya njala.

Lachinayi

Gazolyo, mafuta a injini, watha; koluna, mdipiti wa magalimoto omubweretsa, sinafike. Chigayo chili zii. Wovulala palibe, ndipo ndikuti ndi nzeru zanga.

Amayi odikira azula nsungwi zanga, akuwotchera kachewere. "Kuzizira, mwanawe, mpanda sumva mphepo." Ndikuwakalipira. Akundipatsa mmodzi wopsa bwino. Ndikudya mpanda wanga ndi mchere.

Lachisanu

Gazolyo wafika, lamba waduka. Amalume amulumikiza ndi waya, ndipo kuti afikepo athyola nsungwi zotsala. Mpanda ukulekeza m'mawondo. Wayayo akuzungulira ndi lamba ngati mbedza yofuna nsalu.

Lamulo latsopano: chitenje chimangidwe chothina, nsonga mkati. Wandibwereranso mayi yemwe uja wonditcha dotolo: "Zomasula ndi zomanga chitenje changa zimakhudza bambo akunyumba okha."

Loweruka

Rozita! Walowa ndi chimanga chake, atavala chitenje chatsopano, chomwe chija ndinalozera Domingosi pa msika wa m'malire. Inetu ndinaloza! Akuwerama kutapa ufa, nsonga ikupepeluka pafupi ndi waya.

Chofunika n'kufuula: "Rozita, chitenje!" Mawu awiri basi. Pakamwa pakukana. Ndinalumbira.

Ndikutsokomola, injini ikusokosa. Ndikuwomba m'manja, akuyesa ndikusasa ufa. Ndikuponya chitsononkho, chagunda amalume pakhutu. Ndiye ndikuthamanga kukamukoka, ndapunthwa pa mpanda wanga womwe, tonse awiri khu! mu ufa.

Chitenje chili bwino. Rozita ali bwino. Phazi langa latupa ngati dzungu. Wondibereka kumsana mpaka kunyumba, msika wonse ukuona, ndi iyeyo. "Gwiritsa, m'bale wanga, ungagwenso." Ndikugwiritsa. Koma sindikuyankha.

Lamulungu

Ovulala sabata ino:
– ine

Amalume azula mpanda wotsala. Akuti ndi woopsa, unapweteka munthu. Lamba mawa azungulira wamaliseche monga kale.

Rozita wauza tchalitchi chonse kuti ndinamupulumutsa. Wabwera ndi madzi otentha ndi kansalu kudzathowa phazi. Ndayang'ana kudenga, milomo yotseka. Wakanikiza pa fupa penipeni.

"Rozita, pang'onopang'ono!"

Mawu awiri. Akanatuluka dzulo, bwenzi lero ndikuyenda.