Ndinagwetsa Apongozi Chifukwa cha Bayisikopo

Nkhaniyi anthu amaseka ndikamaikamba, koma ine sindinaimalizepo maso ali ouma.

Chinali chaka chimene mzungu wina anabwera ndi bayisikopo pa boma la Mzimba. Anapachika nsalu yoyera, pansalupo n'kumayenda anthu osalankhula. Wina wonenepa anali atasenza makwerero paphewa. Akatembenuka, wagwetsa wapolisi. Akatembenukanso kuti apepese, wagwetsa mayi wachipewa. Nkhani inalibe mutu, koma ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Kumudzi kwathu, kufupi ndi Champhira, ndinali nditasiya akulu anga, a Yotamu, ali pamphasa. Anachokera ku migodi ya ku Joni ndi chifuwa chosamva mankhwala, ndipo anali atasiya kuseka.

"Wakaona chiyani ku boma, mng'ono wanga?" anandifunsa.

Ndinafotokoza zonse. Nkhope yawo sinasinthe.

"Mbwenu choseketsa n'chiti? Munthu wagwa basi?"

"Sizifotokozeka, akulu. Zimafuna maso."

"Ndionetse."

Tinawatulutsira pakhonde. Ndinakulunga nsanza pamimba kuti ndinenepe, n'kusenza nsungwi yomangira nkhokwe. Nditatembenuka, nkhuku zinabalalika, a Yotamu n'kumwetulira. Nditabwereza ndinagwetsa lichero la chimanga. Mkazi wanga anandiyang'ana ndi diso lofiira, koma odwala anaseka. Apa mtima unakula (munthu wosazolowera kuyamikiridwa ndi woopsa), ndipo ndinazungulira ndi mphamvu zonse.

Sindinaone kuti apongozi anga, amene chikwatirireni mwana wawo ndinali ndisanawayang'anepo m'maso, akulowa pabwalo atasenza mtsuko wa thobwa la odwala. Nsungwi inaphwanya mtsuko. Ndinatembenuka msanga kuti ndipepese, mbali inayo n'kuwakhazika pansi m'thobwa lomwelo.

Kenako a Yotamu anaseka mpaka misozi, kuseka n'kusanduka chifuwa, pansalu yawo n'kuoneka magazi.

"Yewo chomene," anathokoza m'Chitumbuka mpweya utabwerera. "Bayisikopo ija tsopano ndaiona."

Mlungu womwewo a Yotamu tinawaika m'manda.

Mbuzi yopepesera imene ndinatumiza, apongozi anaibweza. Anauza mwana wawo kuti, "Iphedwe pamaliro. Koma bambo ameneyo asadzagwirenso nsungwi ine ndili moyo."

Ena pamudzi ananong'ona kuti kuseka kuja ndiko kunafulumizitsa imfa. Mwina n'zoona, sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti akulu anga akanapemphanso, ndikanasenzanso. Kungoti ndikanayamba ndacheuka kaye.